Masiku atatu m'tchire la zimbalangondo ku Alaska

Akonzi, ndiloleni ndigawaneko ndi anzanga owerenga nyuzipepala ino za ulendo umene ndidayenda mu Julaye 2023. Kwathu ndi ku Mulanje, m'munsi mwenimweni mwa phiri, ndipo ndidaphunzitsa kupulaimale zaka zoposa 30 ndisanapume. Phiri ndimalidziwa, kapena nditi ndinkayesa kuti ndimalidziwa. Ndili mnyamata ndinkanyamulira alendo katundu kukwera ku Chambe ndi ku Lichenya, ndipo pa Sapitwa ndidapondapo kawiri.

Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, napolo n'kutsika m'phiri. Nyumba yathu idapulumuka, koma munda udakwiririka ndi miyala, ina yaikulu ngati nkhokwe, ndipo anthu ena amene ndinkapemphera nawo sitidawapeze mpaka lero. Chimene chidanditsalira m'mutu ndi phokoso lija, miyala ikugubuduzika m'madzi n'kumagundana ngati mabingu a pansi pa nthaka. Kuyambira pamenepo tulo tidandithawa. Mvula ikangowaza padenga ndinkadzuka n'kukhala pakhonde mpaka kucha, ndipo pamtsinje wa kwathu, umene ndawoloka kuyambira ndili mwana, ndidaleka kupitako.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Anchorage, mzinda waukulu wa ku Alaska, kumpoto kwenikweni kwa dziko la America. Zoti ndikawaone zidakonzedwa kale, koma atamva kwa amayi ake kuti sindikugona adafulumizitsa tikiti. Ndidanyamuka pa Chileka, kudzera ku Addis Ababa, Washington ndi Seattle, ndipo ndidafika nditasokonekera masiku. Nditakhala sabata imodzi, mkamwini wanga, mwana wa ku Kasungu, ndiye adayambitsa nkhani.

“Bambo, poti inu ndinu a kuphiri, tiyeni mukaone phiri la kunoko.”

Ndidaseka chamumtima. Munthu wa ku Kasungu, koyalayala ngati mphasa, angandiuze chiyani za phiri?

Malowo amatchedwa Denali National Park. Kuchokera ku Anchorage ndi makilomita pafupifupi 380 kulowera kumpoto, maola asanu pagalimoto mumsewu wa George Parks. Kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 24,000. Mutadula dziko lathu la Malawi pasanu, gawo limodzi ndiye pakiyo, koma m'kati monsemo muli msewu umodzi wokha wa makilomita 148, wambiri mwa iwo wafumbi. Galimoto za anthu wamba zimalekezera pamtsinje wa Savage, makilomita 24 kuchokera pachipata. Kupitirira apo umakwera basi ya pakiyo. Ife tidaloledwa kulowa ndi galimoto yathu mpaka pamsasa wa Teklanika, pamakilomita 47, chifukwa lamulo lake ndi lakuti wogona pamenepo masiku osachepera atatu akhoza kufika ndi galimoto, koma ikaima yaima mpaka tsiku lotuluka.

Tisanalowe tidaima paofesi ya alendo. Mtsikana wina woyang'anira paki, msinkhu wa ana amene ndinkaphunzitsa, adatikhazika pansi ngati a sitandade 1. Adati chimbalangondo osachiyandikira kuposa mamita 275. Chikakuona usathawe, chifukwa chimathamanga liwiro la makilomita oposa 50 pa ola ndipo kuthawako ndiko kumachiuza kuti ndiwe ndiwo. Uime, ukweze manja, uziyankhula modekha, uzibwerera chambuyo pang'onopang'ono. Chikakugwira ugone chafufumimba, chikwama chili kumsana, manja ataphimba khosi, ukhale ngati wafa. Koma nyama ina yotchedwa moose ikakuthamangitsa, pamenepo ndiye uliyatse liwiro n'kubisala kuseri kwa mtengo. Ndidamufunsa ngati miyendo ya munthu imakumbukira kusiyanitsa malamulo awiriwa zinthu zikavuta. Adaseka, kenaka adatiuza kuti chikhalire pakiyo munthu woyamba kuphedwa ndi chimbalangondo adaphedwa mu 2012 kumtsinje wa Toklat, atayandikira kwambiri pojambula zithunzi. Mkamwini adamangirira m'chiuno chitini cha mankhwala a tsabola opopera m'maso mwa chilombocho. Mfuti tidalibe.

Polowera ku Teklanika ndidaona mitengo yonga paini, yoonda, itapendamira uku ndi uku ngati anthu ochokera ku mowa wa masese. Mkamwini adati pansi pa nthaka ya kumeneko pali dothi loundana chaka chonse, ndiye mizu siyingazike, imangoyanga pamwamba. Dothilo likasungunukako mitengo imapendama. Msewu ukakwera pang'ono mitengo imatheratu, n'kutsala tizitsamba tofika m'mawondo ndi ndere zofewa ngati matiresi. Dera lopanda mitengolo amalitcha tundra. Munthu wa ku Rumphi akhoza kukumbukira pa Nyika, koma pa Nyika sipazunguliridwa ndi mapiri a chipale chofewa mwezi wa Julaye.

Msasa uli m'mbali mwa mtsinje wa Teklanika. Mitsinje ya kumeneko siili ngati Ruo kapena Likhubula. Imachokera ku madzi oundana a m'mapiri, madzi ake ndi otuwa ngati phulusa chifukwa cha miyala yoperesedwa, ndipo imayenda pabwalo lalikulu la miyala itagawikana timitsinje tambirimbiri tolukana ngati tsitsi. Pansi sipaoneka. Ndi mtsinje womwewu, kumunsi kwake kunja kwa paki, umene udatsekereza mnyamata wina wa ku America, Christopher McCandless, mu 1992. Adauwoloka mu Epulo madzi ali ochepa, pofuna kubwerera mu Julaye adaupeza utadzaza, ndipo adafera m'basi yakutha kutsidya. Nkhaniyi mkamwini adandisimbira tikukhoma mahema, osadziwa kuti makutu anga adali kale kumtsinjeko. Ndinkaumva bwinobwino.

Usiku woyamba udandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kumeneko mwezi umenewo kulibe usiku. Dzuwa lidalowa cha pakati pa usiku n'kutulukanso 4 koloko isanakwane, ndipo pakati pakepo kudangochita kachisisira koti munthu n'kuwerenga kalata panja. Udzudzu ndiye wosasimbika, waukuluukulu, wobwera ngati mtambo. Tidavala maukonde kumaso ngati ofula njuchi. Chondidabwitsa n'chakuti udzudzu wonsewo ulibe malungo. Ndidalingalira za ana amene tidaika m'manda kwathu chifukwa cha kaudzudzu kamodzi, pamene kuno ukuluma munthu kambirimbiri n'kungosiya zotupa.

Chachiwiri ndi cha manyazi, koma ndinena. Lamulo la pamsasa ndi lakuti chilichonse chonunkhira, chakudya, sopo, mankhwala otsukira mano, ngakhale mafuta odzola, chigone m'galimoto kapena m'mabokosi achitsulo amene adaikapo, osati m'hema. Ine ndidali ndi kathumba ka mtedza wokazinga umene mayi a kunyumba adandipatsira, ndipo ndidakasiya m'thumba la jekete kuti ndizitafuna tulo tikakana. Mwana wanga adamva kukukuta ali m'hema mwawo. Adabwera n'kugwada pakhomo la hema langa.

“Ababa, mukudya chiyani?”

“Timtedza chabe, mwana wanga.”

“Pepani, bweretsani. Chimbalangondo chimamva fungo kutali kuposa galu. Chikabwera kuno n'kupeza chakudya, chizolowera anthu, ndiye mapeto ake achiwombera. Mukhala mwaphetsa nyama ya eni, mwinanso mwana wa eni hema linalo.”

Ndidapereka mtedzawo pamodzi ndi jekete yomwe. Mwana amene ndidamuphunzitsa kugwira pensulo adandilanda mtedza ngati mwana wa sukulu wogwidwa akudya m'kalasi. Mkamwini adakhala chete m'hema ngati wagona, ndipo ulemu umenewo ndidauyamikira. Tulo sindidatione. Ndidangogona chagada kumvera mtsinje.

M'mawa tidakwera basi yobiriwira. Mabasi amenewa amakutsitsa paliponse pamene wafuna, ndipo pobwerera umangoima m'mbali mwa msewu n'kuimika ina ngati minibasi, bola ikhale ndi malo. Wina akaona nyama amakuwa, dalaivala n'kuimitsa, onse n'kukhala chete. Tisanapite patali tidaona moose yaikazi ndi mwana wake m'zitsamba za m'dambo. Ndi chinyama chachitali kuposa ng'ombe iliyonse imene ndidaonapo, miyendo ngati mapolo, mlomo wolendewera ngati wakwiya. Yamphongo imatha kufika makilogalamu 700. Pakati pa mapiri a Igloo ndi Cathedral dalaivala adatilozera timadontho toyera pamwamba pa matanthwe. Ndidayesa chipale, koma nditayang'ana pa makina oonera patali ndidaona kuti ndi nkhosa zakutchire zoyera mbee, zotchedwa Dall, zamphongo zili ndi nyanga zopiringizika.

Nkhosa zimenezi ndizo zidabala pakiyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 alenje ankazipha zochuluka kukagulitsa nyama kwa okumba golide. Mlenje wina, Charles Sheldon, amene adakhalako nyengo yonse yozizira ya 1907 mpaka 1908 pafupi ndi mtsinje wa Toklat, adaona kuti zitha, ndipo adalimbana ndi boma lawo zaka zingapo mpaka mtsogoleri wa dzikolo, Woodrow Wilson, adasaina lamulo lokhazikitsa pakiyo mu Febuluwale 1917. Ndidakumbukira mkungudza wathu wa pa Mulanje, umene ndili mnyamata unkanunkhira phiri lonse koma lero zatsala ndi zitsa. Komabe sindifuna kunamizira kuti anzathuwo ndi oyera mtima kutiposa. Alaska ndi wamkulu kuposa Malawi ka 14, koma anthu ake onse sakwana anthu a mumzinda wa Blantyre wokha. Kusunga tchire n'kosavuta pamene palibe mayi wofuna nkhuni zophikira ana madzulo ano. Masiku atatu onsewo sindidaone utsi, mbuzi, kapena kanjira ka anthu, pamene pa Mulanje ngakhale ukwere motani ukumana ndi wina atasenza mtolo.

Pa Sable Pass, pamakilomita 63, mpamene tidaona chimbalangondo choyamba. Chidali chachikazi, chaubweya wofiirira mowala ngati udzu wa mu Ogasiti, chili ndi ana awiri akuda. Chinkakumba pansi ndi zikhadabo, dothi likuuluka kumbuyo ngati munthu akulima mizere mwaukali. Dalaivala adati chikusaka agologolo a pansi. Zimbalangondo za m'dera limenelo sizipeza nsomba zambiri ngati za kunyanja, ndiye zimadalira mizu, udzu, zipatso ndi agologolowo. Agologolo akewo ndi odabwitsa paokha: amagona kuuna miyezi 7 kapena 8 nyengo yozizira, thupi lawo n'kuzizira mpaka kutsika pansi pa 0 digiri, koma osafa. Chikwangwani cha pa Sable Pass adachikhomera misomali m'mbali monse chifukwa zimbalangondo zimachitafuna. Kutsogolo pang'ono tidaona nyama zotchedwa caribou zitaunjikana pachigamba cha chipale chotsalira, kuthawa udzudzu ndi ntchentche. Mwa nyama zimenezi, yaikazi yomwe imamera nyanga. Mimbulu sitidaione, ngakhale kanyumba kamene katswiri wina, Adolph Murie, ankakhalamo poiphunzira kuyambira mu 1939 kakadalipo pafupi ndi msewu.

Basi idakabwerera pamtsinje wa East Fork, pamakilomita 69. Kale inkapitirira mpaka ku Wonder Lake ndi ku Kantishna, koma mu Ogasiti 2021 msewu udatsekedwa pamalo otchedwa Pretty Rocks. Msewuwo udamangidwa paphiri la miyala yosakanikirana ndi madzi oundana. Kunja kutayamba kutentha kuposa kale, madzi oundanawo adayamba kusungunuka ndipo phirilo lidayamba kutsetsereka pamodzi ndi msewu. Kwa zaka ankangothirapo miyala, mpaka zidafika poti zothira m'mawa madzulo zatsika. Panthawiyo n'kuti atayamba ntchito yomanga mlatho wachitsulo wodumpha malo onsewo. Dalaivala akufotokoza zimenezi, mwana wanga adandiyang'ana m'mbali mwa diso. Sindidayankhule. Ndidayenda ulendo wa masiku awiri m'ndege kukapeza kuti nakonso phiri likutsika, kungoti kumeneko likutsika mwakachetechete ndipo pansi pake palibe mudzi.

Pobwerera tidatsika basi n'kukwera kamtunda kena kopanda njira. Kumeneko amalangiza kuti musayende mondondozana koma motayana, kuti mapazi asapange njira pa ndere zimene zimatenga zaka kuti zimerenso. Kuyenda pa tundra n'kolemetsa. Phazi limamira ngati waponda pilo, ndipo kilomita imodzi imatopetsa ngati atatu a kwathu. Pamwamba tidapeza gogo wina wachizungu atakhala pamwala, akuyang'ana mbalame. Atamva kuti ndine wa ku Africa maso ake adawala, n'kundilozera kambalame kotuwa, koyera kumchira, kakudumphadumpha pamiyala. Adati dzina lake ndi wheatear. Kulemera kwake sikufika magalamu 30, koma chaka chilichonse kakaswa ana ku Alaska kamauluka kudutsa Siberia ndi Arabia mpaka kum'mawa kwa Africa, kumaiko ngati Sudan, Uganda ndi Kenya, ulendo wa makilomita oposa 14,000, kenaka n'kubwereranso. Ndidakayang'ana nthawi yaitali. M'tchire lonselo ndiko kokha kamene kankadziwa dzuwa la kwathu, ndipo kadayenda ulendo wangawo popanda chiphaso.

Tsiku lachitatu ndilo ndalembera kalatayi. Tidagwirizana zokayenda pabwalo la miyala la mtsinje wa East Fork, kulowera kumtunda kumene madzi amachokera. Tidatsika basi cha m'ma 9 koloko m'mawa. Kuti tifike pamalo oyendeka bwino tidayenera kudumpha timitsinje titatu. Madzi ankafika m'akakolo, kena m'katumba. Adali ozizira moti mafupa ankachita kuwawa, koma ndidaoloka osanena kanthu ndipo ndidadzitama mumtima. Tidayenda maola atatu, tikuyankhula mokweza kuti chilombo chisadzidzimuke nafe. Anzangawo ankakuwa m'Chingerezi, ine ndidangoyamba nyimbo za kutchalitchi kwathu, mpaka onse adandilandira. Pamchenga tidaona mapazi a mmbulu, aakulu ngati chikhatho changa. Kunja kudatentha bwino tsiku limenelo, thambo lili mbee, ndipo tidavula majekete n'kumasangalala, osaganiza kuti dzuwa lomwelo likusungunula madzi oundana kumtunda.

Pobwerera, cha m'ma 3 koloko, mkamwini adaima mwadzidzidzi n'kutambasula dzanja. Kutsogolo kwathu, pafupi ndi pamene tidawolokera m'mawa, padali chimbalangondo chimodzi chachikulu chikufukula mizu m'mbali mwa madzi. Chidali patali ngati mabwalo atatu ampira. Chidadzutsa mutu, n'kununkhiza mphepo, n'kupitiriza kukumba. Miyendo yanga idafuna kuchita zake, koma mwana wanga adandigwira malaya. Tidabwerera chambuyo mpaka tidabisika kuseri kwa kamtunda, n'kukhala pansi kudikira kuti chichoke. Ola lathunthu lidatha chili pomwepo. Chidalibe changu, kwawo kudali komweko.

Basi yomaliza sidikira munthu, ndipo tidalibe hema kapena chakudya chogonera. Mafoni kumeneko sagwira. Tidagwirizana zozungulira patali n'kukawoloka kumtunda. Titafika pamadzi ndidaona kuti si mtsinje wa m'mawa uja. Timitsinje tiwiri tidali titaphatikana, madzi atada ngati phala la mawere, akuthamanga. Ndipo ndidamva phokoso lija. Pansi pa madzi miyala inkagubuduzika, gudu gudu gudu, kugundana. Lidali laling'ono poyerekeza ndi la usiku wa napolo, koma lidali lomwelo. Mawondo adalobodoka. Ndidakhala pansi pamiyala, m'kamwa mutauma, ndipo ndidawauza kuti apite okha akaitane anthu, ine sindiwoloka.

Mwana wanga adayamba kulira mwakachetechete. Mkamwini sadanditsutse. Adayenda chokwera ndi chotsika m'mbali mwa madzi kwa mphindi zingapo, akuponyamo miyala n'kumamvetsera kulira kwake, mpaka adapeza pamene mtsinje udatambasuka kwambiri. Adati potambalala ndiye posaya, popapatiza ndiye pozama. Atabwerako adanjuta patsogolo panga, maso ali pansi monga mwa mwambo.

“Bambo, sitingakusiyeni kuno, chilombo chili apo. Ine ndikhala kumtunda, madzi azimenya ine. Inu pakati, mayi awa kumunsi. Nsapato musavule. Lamba wa chikwama mumasule kuti mukagwa chisakukokereni pansi. Musayang'ane madzi, muziyang'ana mtengo uwo kutsidyako. Phazi limodzi likakhazikika ndiye musunthe linalo.”

Owerenga a kwathu akudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sakhudzana wamba. Chikwatire mwana wanga, munthu ameneyu ndidali nditangogwirana naye chanza basi, iye atagwira mkono wake ndi dzanja linalo. Tsiku limenelo adakoleka mkono wake m'mkono mwanga n'kundigwira lamba wa buluku kumbuyo ngati mwana. Tidalowa. Madzi adafika m'mawondo, kenaka m'ntchafu. Kuzizira kwake kudandiphetsa miyendo moti sindinkamva pamene ndaponda. Mwala wina udandigunda pakakolo, phazi n'kuterereka, ndipo ndidamira mpaka m'chiuno. Ndidamva dzanja lake likundinyamula ndi lamba uja. “Mtengo uja, bambo, mtengo uja!” Mwana wanga kumunsiku ankawerenga mapazi mokweza, limodzi, awiri, atatu, monga momwe ndinkawawerengetsera ana m'kalasi. Adafika pa 31 pamene tidaponda pouma.

Ndidagwa pamiyala n'kuyamba kunjenjemera thupi lonse, mano akugundana. Namwino uja adayamba ntchito yake: adandivula zonyowa, n'kundiveka jekete yake ndi ya mwamuna wake, n'kundimwetsa tiyi wa m'fulasiki wothira shuga wambiri, n'kundiumiriza kuyenda ngakhale sindinkafuna. Adati kumeneko chimene chimapha anthu ambiri ndi kuzizira kwa munthu wonyowa, osati zilombo. Tili m'njira ndidayamba kuwasimbira za usiku wa napolo, zonse, ndi maina omwe a anthu amene adapita. Ndidali ndisanauzeko munthu, ngakhale mayi a kunyumba amene tidali limodzi usikuwo. Tidafika pamsewu n'kupeza basi ikutembenuka. Dalaivala adayang'ana mabuluku athu n'kukweza chotenthetsera osafunsa kanthu.

Usiku umenewo ndidalowa m'hema 9 koloko, dzuwa lili pamwamba, Teklanika akusokosera pomwepo ngati masiku onse. Adandidzutsa 7 koloko m'mawa. Sindinena kuti ndidachira, chifukwa mvula yoyamba ya Novembala itagwa kuno kumudzi ndidadzukanso n'kukhala pakhonde. Koma tsiku limenelo ndidagona maola 10 m'mbali mwa mtsinje.

Nanga phiri lija tidapitira? Masiku onsewo silidaoneke. Pamene tinkayenda mapiri ena ankalitchinga, ndipo pamene likadaoneka padali mitambo. Amati mwa alendo atatu, mmodzi yekha ndiye amaliona, chifukwa phirilo limadzipangira lokha mitambo. Kutalika kwake ndi mamita 6,190, lalitali kuposa onse ku North America, kuposanso Kilimanjaro. Mutasanjikiza Sapitwa pamwamba pa Sapitwa mnzake mutsalabe ndi mamita pafupifupi 200. Eni dera, anthu a mtundu wa Athabascan, adalitcha Denali, kutanthauza lalitali. Mu 1896 munthu wina wofuna golide adalipatsa dzina la William McKinley, amene adadzakhala mtsogoleri wa America koma ku Alaska sadapondeko. Boma lawo lidabwezeretsa dzina la Denali mu 2015, ndipo mu 2025 lidabwereranso ku McKinley, ngakhale pakiyo ikutchedwabe Denali ndipo anthu amene ndidacheza nawo kumeneko onse ankati Denali. Ife amene tidasintha Fort Johnston kukhala Mangochi ndi Port Herald kukhala Nsanje nkhani yotereyi sitiyimva ngati yachilendo. Chidandisangalatsa n'chakuti munthu woyamba kuponda pansonga pake, pa 7 Juni 1913, adali Walter Harper, mnyamata wa magazi a eni dera, amene adali m'gulu la Hudson Stuck ndi Harry Karstens. Monga munthu amene ndidanyamulapo katundu wa alendo paphiri, ndidakondwa kuti dzina lake silidaiwalike.

M'mawa wotuluka, titadutsa mtsinje wa Savage, tidapeza galimoto zitaima m'mbali mwa msewu, anthu ataloza kum'mwera chakumadzulo. Tidatsika. Ndidayang'ana mzere wa mapiri akuda kutali n'kufunsa kuti mwa amenewo lalitalilo ndi liti. Mkamwini adati, “Kwezani maso, bambo.” Ndidakweza. “Kwezaninso.” Pamwamba pa mapiriwo padali mitambo, ndipo pamwamba pa mitamboyo padali chinthu choyera chimene ndinkachiyesa mtambo wina. Chidali ndi nsonga ziwiri ndipo sichinkasuntha. Lidali pamtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pamene tidaima, komabe lidaposa chilichonse. Ndidavula chipewa. Patatha mphindi ngati 20 mitambo idatsekanso.

Tisanatuluke pachipata tidapatukira kukhola la agalu okoka ngolo za pachipale, amene oyang'anira paki akhala akuyendera nyengo yozizira kuyambira mu 1922, poti m'kati mwa tchirelo salola makina. Agalu ake ndi onenepa, aubweya, aliyense ndi kanyumba kake ndi dzina lake pakhomo. Ndidaganiza za galu wanga kumudzi amene amagona paphulusa, koma sindidanene.

Ndidafuna kutola kamwala kamodzi ka mumtsinje kuti ndikaonetse anthu kumudzi, koma mwana wanga adati nakonso n'koletsedwa, chilichonse chimatsala pamene wachipeza. Ndiye ndidabwerako ndi nsapato zokha zija, zimene zidatenga masiku anayi kuti ziume ndipo zidauma zitapindika. Mayi a kunyumba atazitulutsa m'chikwama adazitembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati ku America kulibe milatho. Mtedza uja ndidaupeza m'galimoto titafika ku Anchorage, ndipo tidaudya ndi mkamwini pakhonde, m'mbale imodzi.